Maliro Anadikira Nkhumba

Anthu akandifunsa kuti amuna anga amagwira ntchito yanji, ndinkangoti, "Ndi a ku labu," n'kusintha nkhani msangamsanga. Nanga ndikanati chiyani? Kuti a Biswick, munthu woti anaphunzira mpaka dazi kumera, amadzuka mbandakucha kukapempha zam'mimba za nkhumba kophera nyama? Ine Effie ndine namwino, nthawi imeneyo ndinkagwira pachipatala chachikulu cha ku Romford, kuno ku London, ndipo magazi sindiwaopa. Koma ntchito ya amuna angayo sindinkaifotokoza anthu akudya.

Labu yawo inali kumapeto kwenikweni kwa Havering, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda ndi makola a akavalo. Ankabwera ndi ziwalo zosunga mazira za nkhumba zongophedwa kumene, zili mu fulasiki ya madzi ofunda. Timazirato ankatikoka ndi jakisoni, n'kutikumanitsa ndi umuna wa nkhumba yamphongo m'kambale kakang'ono. Pakatha pafupifupi sabata, m'kambalemo munkakhala miluza, tinkhumba topanda mutu, topanda mchira, tooneka pa makina okuzira zinthu basi. Cholinga chinali kuigoneka miluzayo m'thanki ya nayitrojeni wamadzi, wozizira koti ukaviikamo chala chimathyoka ngati choko, kuti idzadzutsidwe ngakhale patapita zaka n'kuikidwa m'mimba mwa nkhumba ina.

Miluza ya ng'ombe akuti imagona bwinobwino. Ya nkhumba ndi yamafuta ngati amake, ikangomva chisanu imafa. Ndiye panalinso nkhani ya madzi olereramo miluzayo, omwe ine ndinkawatcha msuzi pofuna kuwaputa amuna anga. Msuzi wakale ankauthira madzi a m'magazi a ana a ng'ombe, ndipo palibe ankadziwa zonse zomwe zinali m'menemo. Botolo ili lilera bwino, linzake lipha, lina libwera ndi matenda. A Biswick anatha zaka zitatu akukonza msuzi wopanda magazi, woti chilichonse cholowamo n'chodziwika dzina ndi muyeso wake, mchere wakuti, shuga wakuti. Msuziwo unatheka, koma miluza inkakulamo mwaulesi, pa nthawi yomwe yafuna yokha. Inkamatiriranso ku kapaipi kagalasi kotolera, moti mnzawo wa ku labu, mzungu wina dzina lake Killian, akagwira, theka linkatayika. Bwana wawo anali atanena poyera kuti miluza ya mwezi umenewo, Novembala wa 2006, ikakanika kugona, ntchito yonse itsekedwa.

Mwezi womwewo ndi umene anamwalira a Rowland Chimbalanga.

A Rowland anali amalume awo a Biswick, bere limodzi ndi apongozi anga aakazi. Anathawa kwathu m'zaka za m'ma 1960, nthawi yomwe pakamwa pankaphetsa. Kwathu anali mphunzitsi wamkulu, kuno anakalamba akudula matikiti pa siteshoni ya sitima, koma simukanawamva akudandaula. Mmalawi aliyense wofika mu London masiku amenewo ankadutsa kaye pabalaza pawo ku Croydon. A Biswick anakawachingamira ku bwalo la ndege ndi iwowa, ngakhale chikhoti choyamba chomwe amuna anga anavala m'dziko muno chinali cha amalume awo. Ndale zitasintha kwathu anapitako kamodzi, n'kupeza anzawo onse ali kumanda, ana am'mudzi akuwatcha azungu. Atabwerako anatiitana, akazi awo a Phyllis ndi mwana wawo Sean ali pomwepo.

"Mudzandiike konkuno, pafupi ndi ana anga," anatero. "Koma mudzandiike ngati Mchewa, osati ngati katundu. Mwini maliro anga ndi Biswick, mwana wa mlongo wanga. Sean ndi mwana wanga, inde, koma kwathu mwana salamula maliro a bambo ake, komanso Chichewa chake chimathera pa zikomo. Bokosi langa lisadzatsekedwe Biswick asanalankhule."

Tinaseka tsiku limenelo chifukwa ananena akutafuna mtedza, ali ndi thanzi lawo. A Biswick anawomba m'manja n'kuti, "Ndamva, amalume."

Uthenga wa maliro utamveka, anthu anakhamukira ku siwa ku Croydon mpaka nsapato kudzaza pakhonde. Akumanda anatipatsa Lachisanu, 2 koloko masana. Bambo Anderson, mkulu wa kampani yosunga ndi kunyamula maliro, mzungu wamtali wolankhula motsitsa, anatiuza kawiri konse kuti nthawiyo si yoseweretsa. Anati mu Novembala kumada msanga, ndipo Lachisanu okumba manda amaweruka molawirira. Tonse tinagwedeza mitu. Anthu anayamba kupempha tchuthi kuntchito, ena kusinthana mashifiti ndi anzawo, ena kunama kuti adwala. A ku Manchester, a ku Leeds ndi a ku Nottingham anachita hayala mabasi. Amene anakhalapo kuno akudziwa kuti tsiku limodzi lotere umalipeza movutikira, ndipo silibwera kawiri.

Miluza ya a Biswick inkayenera kugonekedwa Lachinayi. Iwo anali atawerengera bwinobwino kuti amaliza tsiku limenelo, Lachisanu n'kukhala la amalume awo lokha. Koma madzulo a Lachinayilo analowa m'nyumba nkhope itagwa.

"Sinafike pa msinkhu," anatero akuvula nsapato. "Ikanakhala mu msuzi wakale bwenzi ndamaliza lero. Ikufunika ikhalebe mu msuzi wangawu usiku wina umodzi."

"Ndiye mawa?"

"Ndilawirira. By nine ndamaliza, ndikupezani ku tchalitchi."

"Bambo a Junior, mawa ndi maliro a amalume anu. Msiyireni Killian."

"Killian aipha. Zaka zitatu, Effie. Zaka zitatu ndizipereke m'manja onjenjemera aja?"

"Ndiye imbani foni kwa Anti Phyllis lero lomwe, asankhe wina woti adzalankhule mukachedwa."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ndiwauze amayi ofedwa kuti pakati pa amuna awo ndi nkhumba ndasankha nkhumba? Sindichedwa ayi. Komanso iwe, unaonapo liti maliro a Amalawi akuyamba pa nthawi yake? Kwathu maliro amadikira mwini wake ngakhale akuchokera ku Joni."

"Kuno si kwathu. Mapanga awiri avumbwitsa, bambo a Junior."

Anatulutsa suti yawo yakuda n'kuipachika m'galimoto kuti akavalire konko ku labu. Mtima unandipsa, koma ndinkawadziwa amuna anga. Sanabadwe ndi pakamwa pokanira munthu wamkulu, kaya ndi azakhali awo kaya ndi bwana wawo, aliyense ankamuyankha kuti chabwino.

Lachisanu holo ya tchalitchi inadzaza mpaka ena kuimirira m'mbali mwa khoma. Amayi a Mvano anabwera ndi mabulauzi awo oyera pansi pa zikhoti. Bokosi linali kutsogolo, lotsegula mbali ya kumutu, a Rowland atagona ndi tayi yawo ya ku siteshoni. Ndinayang'ana khamulo n'kunena mumtima kuti akuluwa alandira zomwe ankafuna. Mwambo unayamba mochedwa pang'ono monga mwa masiku onse, abusa analalikira, anthu anaona nkhope. Mpando wa amuna anga pafupi ndi a Phyllis unali wopanda munthu, ndipo ine maso anga anali pakhomo nthawi yonseyo.

Woyendetsa mwambo anali a Felton, mkulu wa mpingo, bambo wamfupi wa mawu aakulu. Abusa atakhala pansi, a Felton anaimirira n'kukonza jekete.

"Tsopano timve mawu kuchokera kwa eni maliro, a Biswick, kuti atipatse chilolezo chotseka bokosi ndi kunyamuka."

Palibe anaimirira. Kenako mitu yonse inatembenukira kwa ine, ngati kuti amuna angawo ndawabisa m'chikwama. Manyazi omwe anandigwira tsiku limenelo sindingamufunire ngakhale mdani wanga. Ndinatuluka ndi foni m'manja, ndikumva kumbuyo a Felton akuuza amayi kuti atsogoze nyimbo ina.

Foni ya a Biswick inkangoitana. M'chipinda cha miluza salowa nayo, amaisiya m'kabati pamodzi ndi nsapato. Ndinaimba mpaka chala kupweteka. Nditabwerera m'holo ndinapeza Bambo Anderson ataima pafupi ndi a Felton, chipewa chili m'manja, akuwasonyeza wotchi mwaulemu. Ankati tikanyamuka pompano tifika bwinobwino, tikachedwanso pang'ono zikhala zokayikitsa. A Felton anawayankha m'Chingelezi chawo cha pa guwa kuti kwathu maliro sathamangitsidwa ngati basi, ndipo bokosi silitsekedwa mwini wake palibe.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti a Felton si munthu wosadziwa nthawi. Anagwira ntchito yosamalira okalamba zaka khumi osachedwapo ngakhale tsiku limodzi, chipale chigwe, sitima ziime. Tonsefe m'holomo tinali anthu othamangira mashifiti. Koma pa maliro mitima yathu inali itabwerera kumudzi, kumene adzukulu ndi ana athu omwe, ndipo amakhala pamthunzi pafupi ndi dzenje mpaka mwini maliro atafika.

Sean, mwana wamwamuna wa malemu, bambo wa ana ake kale koma wobadwira kuno, anagwada pamaso pa amayi ake.

"Mum, please, we have to go," anatero. Anawachonderera kuti aliyense alankhule, kaya a Felton, kaya iye mwini, bola bambo ake aikidwe.

A Phyllis anali mzamba wopuma pa ntchito, mayi wosalira pagulu. Anamugwira Sean pamapewa n'kumuyankha m'Chichewa. "Bambo ako ananena ndi pakamwa pawo, iwe uli pomwepo. Zaka zonsezi sanapemphe kanthu m'dziko muno koma ichi chokha. Ukufuna ndiwanamize lero?"

Ndinatulukanso. Ulendo uno ndinaimba nambala ya pa ofesi ya labu, ndipo anayankha Killian. Anati a Biswick ali pakati pa ntchito, sangawasokoneze. Ndinamuuza m'Chingelezi chomwe ndimasungira madokotala amwano kuti akapanda kuwaitana ndibwera konko ndi bokosi. Patapita kanthawi ndinamva mawu a amuna anga, akupuma mothamanga.

"Effie, m'mawa inali isanafikebe. Ndinadikira, ndayamba mochedwa."

"Siyani. Nyamukani pompano."

"Sindingasiye pakati. Ndaichotsa kale mu msuzi, ndaizunguza pa makina kuti mafuta apite mbali imodzi. Ikalowa m'mankhwala okoka madzi iyenera kugwera mu nayitrojeni mphindi isanathe, apo ayi mankhwalawo aiwotcha. Ndatsala ndi mbale ziwiri zokha."

"Ndiye nenani kuti atseke bokosi. Nenani pa foni pompano, ndikawauze kuti mwini maliro wavomera."

Ndinkamva chitseko cha thanki chikulira kumbuyo kwawo.

"Amalume anati ndilankhule ndili pomwepo," anatero. "Ndingakawaike bwanji pa foni? Auze andidikire pang'ono. Amayi aziimba, ndikubwera."

Foni inaduka. Ndinalowa n'kupereka uthenga monga unabwerera. A Felton anamva zomwe ankafuna kumva, n'kulengeza kuti eni maliro ali m'njira. Ndinati ayi, sananyamuke, koma nyimbo inali itayamba kale ndipo mawu anga anamira momwemo. Amayi a Mvano anaimba mpaka nyimbo za maliro kuwathera, n'kuyamba za Pasaka. Bambo Anderson anatuluka kukaimba foni kumanda, n'kubwerako. Anangoima pakhomo ndi anyamata awo, manja ali kumbuyo.

Kuchoka ku Havering kufika ku Croydon pa galimoto Lachisanu masana, amene amadziwa London aseka. A Biswick analowa m'holo 2 koloko itadutsa kalekale, thukuta lili kamukamu, tayi ili pambali, m'mphepete mwa maso muli mizere ya magalasi otchinga a ku labu. Anthu anawapatukira njira osawayang'ana. Anaima pafupi ndi bokosi, n'kuyang'ana nkhope ya amalume awo. Mawu omwe anawakonza sabata yonse anawameza theka. Anathokoza mwachidule, n'kuti bokosi litsekedwe. Zonsezo sizinathe ndi mphindi zitatu zomwe, ndipo n'zimene tinadikirira.

Tinanyamuka nthawi yomwe ana amaweruka kusukulu. Galimoto ya maliro inkayenda pang'ono n'kuima, kudikira thiramu, sitima yoyenda mumsewu, idutse, kudikira ana awoloke, mabasi athu ali pambuyo. Pamene tinkafika kumanda kunja kunali kutayamba kuchita mdima ndipo kunkawaza kamvula. Geti linali lotseka mbali imodzi. Tinkaliona dzenje chapatali, atalivundikira ndi matabwa, kathirakitala kokumbira kataimikidwa pambali.

Panatuluka bambo wina wovala jekete yachikasu, woyang'anira mandawo. Anati okumba aweruka, iye yekha saloledwa kutsitsa bokosi, ndipo anatidikira mpaka pomwe akanathera. A Felton anatsika m'galimoto n'kuvula chipewa. Anamuuza kuti sitikufuna okumba ake, amuna tili nawo odzaza mabasi, angotibwereka zingwe ndi mafosholo, tiika tokha monga timachitira kwathu. Amuna ena anali atayamba kale kupinda manja a malaya. A Felton anafika powomba m'manja pamaso pa mzunguyo, munthu woti mwina ndi msinkhu wa mwana wawo. Iye anangopukusa mutu, akuti malamulo salola munthu wamba kugwira fosholo m'manda, wina akagweramo mlandu ndi wake.

"I'm really sorry," anatero, ndipo ndikhulupirira kuti ankanena zoona. Koma pepani wa kuno sasuntha kanthu, geti linakhalabe momwe linalili.

Bambo Anderson anapita pa zenera la galimoto yomwe munali a Phyllis n'kuwerama. Anawauza kuti thupi libwerera komwe linachokera m'mawa, ndipo Lolemba afunsa tsiku lina. Tinaima pamvulapo, khamu lonse lija, kuonerera galimoto ya maliro ikubwerera chambuyo, ikutembenuka movutikira pa kamsewu kopapatiza, nkhata za maluwa zikugwedera pamwamba. Ine ndaona imfa zambiri pa ntchito yanga, koma maliro obwerera pa geti la manda ndinali ndisanawaonepo. Mayi wina wa ku Leeds anati, "Malodza," n'kudziphimba kumaso ndi chitenje.

Apo m'pamene a Phyllis analira. Anatsika m'galimoto n'kulira mokweza, kuitana amuna awo ndi dzina la mfunda wawo, kuwafunsa kuti akupitanso kuti. Sean ndi mlongo wake Kayla anawagwira uku ndi uku. Atatonthola anapukuta m'maso n'kuyang'ana m'khamumo.

"Biswick ali kuti?"

Amuna anga anabwera n'kugwada pa timiyala tonyowa, suti ndi suti yomwe. Kuyambira tsiku lomwe anafika m'dziko muno, a Phyllis ankawaitana kuti iwe Bizi, ngati mwana wawo. Tsiku limenelo anawapatsa ulemu wa mlendo.

"Mwamaliza ntchito yanu ija?"

"Ndamaliza, Anti."

"Zayenda bwino?"

A Biswick anazengereza. "Zayenda bwino."

"Chabwino. Amalume anunso abwerera mu firiji. Lero mugone mtima uli m'malo, zonse mwaziika pozizira."

Sanakweze mawu, koma aliyense anamva. Anabwerera m'galimoto n'kutseka chitseko okha.

Ku holo kunali mpunga ndi nkhuku zomwe amayi anaphika kuti tidye pobwera kumanda. Anthu anadya chiimirire, osayang'anana, chifukwa oyendetsa mabasi anali atayamba kuliza mahutala. Aliyense potsanzika ankati, "Tiyesetsa kubweranso," ndipo aliyense ankadziwa kuti akunama. Ine palibe anandilankhula zoipa. Amayi ankangondigwira dzanja n'kuti, "Limbani mtima, mayi a Junior," ngati wamwalira ndi mwamuna wanga.

M'galimoto pobwerera ku Romford ndinalankhula zonse zomwe zinali kukhosi. Ndinawauza kuti ndi wamantha, kuti anaopa kukana Lachinayi, n'kuopanso kuvomera pa foni. Ndinatukwana nkhumba, ndinatukwana msuzi, ndinatukwana a Felton ndi mwambo wawo womwe anaunyamula kumudzi n'kuiwala kunyamula adzukulu ake. A Biswick anangogwira chiwongolero ndi manja awiri, misozi ikutsikira m'kolala, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa chifukwa ndinkafuna munthu wokangana naye.

Poti mwina mungafunse, miluza ija inagona bwino. Lolemba anadzutsako ingapo kuti aone, ndipo inadzuka, n'kupitiriza kukula mu msuzi wawo wopanda magazi. Bwana wawo anatsegula botolo la vinyo. A Biswick anandiuza madzulo ake ali chiimirire pakhomo la khitchini, motsitsa ngati akuulula kuba. Ine ndinapitiriza kutsuka mbale.

Tsiku lina linapezeka Lachitatu lotsatira, m'mawa. Ndinachita kugwada kwa sisitala wa wodi yathu kuti andisinthire shifiti. A Biswick ananyamuka kusanache, ndipo woyang'anira manda uja pobwera kudzatsegula geti anawapeza ataima kale pamenepo.

Panalibe tchalitchi, panalibe holo. Galimoto ya maliro inabwera molunjika kuchokera kosungira mitembo. A ku Manchester, a ku Leeds ndi a ku Nottingham sanabwere, ndipo sindiwaimba mlandu. Amayi a Mvano anali m'mawodi ndi m'nyumba za okalamba, akubweza mashifiti omwe anabwereka Lachisanu. A Felton anatumiza uthenga wopepesa, akuti bwana wawo wakana. Abusa anabwera ndi yunifolomu ya ulonda pansi pa mkanjo, akuti ali ndi ola limodzi lokha. Tonse pamodzi sitinakwane zala za manja awiri.

Amuna onyamula bokosi sanakwane. Bambo Anderson anabwera ndi anthu awo aganyu ovala zikhoti zotuwa, ndipo ndi iwo ananyamula a Rowland Chimbalanga, munthu amene analandira theka la Amalawi a mu London. Mmodzi ndinamumva akufunsa mnzake katchulidwe ka dzina lomwe linali pa bokosi. Potsitsa ndinayesa kutsogoza nyimbo, koma a Phyllis mawu anali atawathera, Sean ndi Kayla sankaidziwa, abusa okha ndi amene anandithandiza. Inafera pa mzere wachiwiri. Chisoni chomwe ndinamva pamenepo chinaposa cha Lachisanu, chifukwa Lachisanu kunali anthu olira nawo.

Abusa atatseka buku, a Biswick anasendera kumutu kwa manda. Anakonza tayi, n'kugwira manja kutsogolo monga amachitira eni maliro kwathu. Ulendo uno anafuna kulankhula mawu onse, kuyambira pachiyambi, momwe anawakonzera.

"Zikomo abusa," anayamba. "Zikomo akulu a mpingo. Zikomo amayi a Mvano chifukwa cha nyimbo zanu. Zikomo abale ndi alongo nonse amene mwasiya ntchito zanu, mwachokera kutali kudzatithandiza kulira..."

"A Biswick," anatero a Phyllis.

"Anti?"

"Mukuthokoza ndani?"

Amuna anga anadzutsa mutu n'kuyang'ana uku ndi uku. Anaona ine, anaona Sean ndi Kayla atagwirana manja, anaona abusa akusuzumira wotchi, ndi azungu a zikhoti zotuwa aja ataima patali akudikira kuti tichoke. A Phyllis anawerama, n'kutapa dothi ndi dzanja, n'kulipereka kwa Sean kuti ayambe kuponya ndi iye.